Kodi amene anasoka mphwanga uja anali ndani?

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ntchito yanga ndi kulima mbatata ya kachewere ndi kabichi kuno ku Bembeke, kwa a Kamenyagwaza. Ndiye ngati zimene nditi ndifunsezi inu munazidziwa kalekale, musandiseke kwambiri.

Chaka chatha mu June, m'mawa wina wa chifunga choti ngakhale mbuzi yako yomwe sungaione, mphwanga, mwana wa achemwali anga, anagwa ndi njinga yamoto pamsewu wa M1. Amachita kabaza. Tsikulo anali atamangirira matumba awiri a mbatata kumbuyo, ndiye lole itatulukira m'chifungamo iye anathawira kumbali n'kukagwera m'ngalande. Mutu unang'ambika, mwendo unathyoka kumunsi kwa bondo. Tinamukweza pagalimoto ya munthu wachifundo, ndipo pofika kuchipatala chitenje cha amayi ake chinali chitanyowa ndi magazi. Kumeneko kunatulukira bambo wina wovala koti yoyera. Anamuunika m'maso ndi katochi, anamusoka, anamutumiza kokajambula, pofika madzulo mwendo uli m'chikhakha. Ife tinaomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo adokotala." Lero mnyamatayo akuyenda, ndipo njinga anaibwerera ngakhale amayi ake amakana.

Nkhaniyi ikanathera pomwepo pakanapanda msuweni wanga wa ku America, amene kumeneko amagwira ntchito yosamalira nkhalamba. Anabwera mu August pa mwambo wa chiliza cha agogo athu. Ataona chipsera pamutu pa mnyamatayo, anandifunsa ali pamphasa akusenda mtedza: "Asuweni, dokotala anamusokayo ndani, anaphunzira kuti? Ndi wa chipatala chiti? Nanga inalipira ndi inshuwalansi iti?"

Ndinangoti kakasi. Akuti kumene amakhalako zinthu zitatuzi n'zosabisa. Dokotala aliyense amadziwika sukulu imene anaphunzira, chiphaso chimene ali nacho, zipatala zimene zimamulola kugwiramo ntchito, komanso ngati amalandira odwala a Medicare, inshuwalansi ya boma imene inayamba mu 1965 yothandiza anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo. Ine ndinayankha kuti anali adokotala basi, ovala zoyera, aulemu wawo. Msuweni wanga anaseka mpaka mtedza kutayika. Iye atabwerera, mafunso ake anatsala kuno, ndipo anandisowetsa tulo.

Kutchalitchi kwathu kuli akulu ena amene anagwira ntchito m'zipatala za kumidzi mpaka kupuma. Ife tonse timawaitana kuti adokotala. Ndinawapeza Lamulungu lina titaweruka n'kuwafunsa kuti, kodi bambo, dokotala ndi dokotala basi, kapena alipo amitundumitundu ngati mbewu ya mbatata?

Yankho lawo loyamba linandigwetsa ulesi. Akuti iwowo si dokotala. Zaka zonsezi! Akuti iwo ndi medical assistant, anaphunzira zaka 2, ndipo anthu a udindo wawo ndi amene mumawapeza akulemba m'mabuku a odwala m'zipatala zing'onozing'ono zambiri. Pamwamba pawo pali clinical officer, amene amaphunzira zaka 3 kusukulu ngati Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo, n'kugwiranso chaka chimodzi akuyang'aniridwa. Ndiye pali dokotala wa digiri, wa zaka 5 kusukulu ya udokotala, ena atayamba ndi chaka chokonzekera, kenako miyezi 18 akuphunzira ntchito m'manja mwa akuluakulu. Sukulu yakeyo inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 ndi dzina la College of Medicine, ndipo kuyambira mu 2021 ili m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences. Kupitirira apo pali akatswiri, amene amawonjezera zaka zina pafupifupi 4 pa nthambi imodzi yokha, kaya ya ana, kaya ya mafupa, kaya ya amayi.

Nanga onsewa bwanji amavala koti imodzimodzi? Msilikali timamudziwa ndi nyota za paphewa. Wansembe ndi katekisiti sitiwasokoneza. Kuchipatala kokha ndi kumene aliyense wovala zoyera ali adokotala, ndipo kunena zoona ine ndinaomberapo m'manja munthu amene pambuyo pake ndinamuona akukankha kabedi ka odwala.

Ndinafunsa ngati tinalakwiridwa, poti mwina anasoka mphwangayo sanali wa digiri. Akuluwo anakwiya pang'ono. Akuti dziko lino lakhala likuphunzitsa ma clinical officer kuyambira mu 1976 chifukwa madokotala anali ochepa zedi, ndipo anthu amenewa ndi amene anyamula zipatala za m'maboma pamsana. Anandiuza za kafukufuku amene anatuluka mu 2007, wa m'zipatala 38, yemwe anapeza kuti pa maopaleshoni adzidzidzi 100 aliwonse a amayi oyembekezera, 88 anachitidwa ndi ma clinical officer, ndipo amayiwo ankachira mofanana ndi amene anachitidwa ndi madokotala. Za mafupa nazonso zili ndi eni ake, ma clinical officer ophunzitsidwa mwapadera kuwongola mafupa ndi kumanga chikhakha, ntchito imene inayamba mu 1985. Iwo akuganiza kuti mwendo wa mphwanga unagwiridwa ndi mmodzi wa amenewa.

Apa ndinasokonezeka kwambiri. Ngati munthuyo amaidziwa ntchito chonchi, dzina la udindo wake timalibisiranji? Kodi ndi lochititsa manyazi? Ine ndikanakonda kumuthokoza ndi dzina la ntchito yake yeniyeni, osati longobwereka.

Za mapepala, akuti ziliko. Lamulo la mu 1987 linakhazikitsa bungwe la Medical Council of Malawi, limene limalemba m'kaundula madokotala, ma clinical officer ndi ma medical assistant, ndipo munthu amayenera kukonzanso chiphaso chake chaka ndi chaka. Anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lawolawo, la Nurses and Midwives Council of Malawi. Amene sali m'kaundula sayenera kugwira wodwala, ndipo amene walakwitsa ntchito akhoza kuitanidwa n'kulandidwa chiphaso. Zabwino kwambiri. Koma kaundulayo ali ku Lilongwe, bala lili ku Bembeke. Mphwanga akamayenda pamsewu, wapolisi amamuimitsa n'kumufunsa laisensi. Minibasi ili ndi timapepala take pagalasi. Mwini golosale amapachika chiphaso chake pakhoma, pafupi ndi kalendala. Nanga wogwira singano ndi mpeni chiphaso chake amachipachika pati? Pawailesi tamvapo kangapo za anthu ogwidwa m'zipatala atavala koti yoyera, akulandira ndalama kwa odwala, pomwe kusukulu ya zachipatala sanapondeko. Akanatulukira wotero m'mawa uja, ine ndikanamuzindikira ndi chiyani? Ndikanamuombera m'manja chimodzimodzi.

Mwina muti kufunsa mapepala n'chipongwe. Komatu ngakhale Kamuzu anafunsidwa. Anamaliza udokotala ku Meharry Medical College, mumzinda wa Nashville, mu 1937, sukulu yomwe Daniel Sharpe Malekebu wa ku Chiradzulu anamaliza mu 1917. Angerezi sanakhutire ndi pepala la ku America kuti munthu agwire nalo ntchito m'maiko amene ankalamulira, ndiye anapita ku Edinburgh kukalembanso mayeso, n'kutenga mapepala ena mu 1941. Ngati Ngwazi inayenda ulendo wonsewo chifukwa cha pepala, mlimi wa mbatata akafunsa walakwanji?

Koma palinso china chimene msuweni wanga sanachiganize. Munthu wodwala shuga ali ndi nthawi yofunsa anzake kuti dokotala wabwino ali kuti. Munthu amene wagwera m'ngalande mutu utang'ambika safunsa kanthu. Mphwanga sankadziwa ngakhale dzina la amayi ake. Ife omunyamula tinkangofuna khomo lotsegula ndi munthu wodzuka. Ndiye ndikuona ngati dokotala wa ngozi ndi amene mapepala ake ayenera kuunikidwa kwambiri kuposa onse, wina atawaunikiratu dzulo, poti lero wodwalayo sangathe. Kodi ndaganiza molakwika?

Msuweni wanga anatchulanso kuti kumeneko kuli madokotala amene ukatswiri wawo ndi wa ngozi ndi matenda adzidzidzi basi. Ine ndinkayesa nthabwala. Munthu angaphunzire bwanji zadzidzidzi, poti zadzidzidzi sizipangana tsiku? Akulu aja anati n'zoona, ku America nthambi imeneyi inavomerezedwa mu 1979. Akuti luso lake ndi la ola loyamba: kuona msanga chimene chingaphe munthu pompano, kutsegula njira ya mpweya, kuletsa magazi, kudziwa woti apite ku opaleshoni, woti atumizidwe kwina ndi woti adikire pabenchi. Kuno kwathu akatswiri otere ndi owerengeka, ndipo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu. Ku Gulupu, pa Queen Elizabeth Central Hospital, malo apadera olandirira akuluakulu ovulala ndi odwala mwadzidzidzi anatsegulidwa mu 2011. Boma lathu la Dedza lili ndi anthu oposa 830,000 malinga ndi kalembera wa mu 2018, msewu waukulu wadziko lino ukudutsa pakati pathu, chifunga ndi chathu, njinga zamoto zachuluka ngati ngumbi. Ndiye katswiri wa ola loyamba akakhala kumzinda, ola loyambalo silithera panjira?

Chimodzi chokha anandimasula nacho akuluwo, ndipo ndinachita manyazi. Ndakhala ndikudandaula kuchipatala ndikaona mayi amene wabwera pambuyo panga akulowetsedwa ndi mwana wake ine ndili pamzere. Ndinkati ndi wachibale wa anesi. Akuti ayi, imeneyo ndi njira yosankhira odwala imene anaiyesa ndi kuikhwimitsa konkuno ku Malawi, kuwodi ya ana ku Gulupu, motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake. Mwana akangofika amamuona pakhomo pomwepo: wobanika, wokomoka kapena wogwidwa ndi linjirinjiri amalowa nthawi yomweyo, wodwalika amaikidwa patsogolo, wachimfine amadikira. Atayamba kutero, ana omwalira atagonekedwa anatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 mwa 100 aliwonse kufika pa 6 mpaka 8. Bungwe la WHO linaitenga njirayi mu 2005 n'kuifalitsa m'maiko ena ndi dzina la ETAT. Taonani, chinthu chathu chomwe, chopulumutsa ana, koma ine ndinkachitukwana chamumtima chifukwa palibe anandifotokozerapo. Kulemba mizere iwiri pakhoma kukanavuta?

Funso lachiwiri, loti dokotalayo ndi wa chipatala chiti, poyamba ndinaliona lopanda mutu. Ndi wa chipatala chimene tinamupezacho, nanga akhalanso wa kuti? Koma akuti ku America dokotala mmodzi akhoza kuloledwa kugwira ntchito m'zipatala zingapo, chilichonse chitamufufuza pachokha. Kuno wa boma amapita kumene watumizidwa, ndipo chaka chamawa ukhoza kumva kuti anasamutsidwira ku Ntchisi. Ena akaweruka amakagwiranso kuchipatala cholipira madzulo. Ndiye ine wosadziwa ndimafunsa: munthu yemweyo, mutu womwewo, manja omwewo, m'mawa ndi waulere, madzulo ndi wolipira. Chasintha n'chiyani pakatipa, mpando?

Akulu aja anati kwa ife funso lofunika si loti dokotala ndi wa chipatala chiti, koma loti chipatalacho chimatumiza kuti. Chaching'ono chikalephera chimatumiza ku chipatala cha boma pa Dedza. Apo pakalephereka, ulendo ndi wa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85. Zipatala zikuluzikulu zotere zilipo 4 m'dziko lonse: Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Akuti magazi akanakhala kuti akuchucha m'kati mwa mutu wa mphwanga, nkhani inali ya ku Central. Ndinafunsa kuti akanapita pa chiyani. Anati pa ambulansi. Nanga ambulansiyo itapita kale ndi mayi wovutika pobereka? Anangoyang'ana kumwamba. Anandiuzanso kuti mu 2019 boma linayamba kuyesa ntchito ya ma ambulansi a ngozi pamsewu wa M1, pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndi nambala yaulere ya 118. Ine, munthu wokhala m'mphepete mwa msewu womwewo, nambalayo ndinaimva koyamba tsiku limenelo, pakhonde la tchalitchi. M'mawa wa ngoziyo tinali anthu oposa khumi pamalopo, ambiri ndi mafoni m'manja, ndipo amene anaimbidwa anali achemwali anga basi.

Tsopano za inshuwalansi. Apa ndinkaganiza kuti ndamugonjetsa msuweni wanga. Ndinamuuza monyadira kuti kuno chipatala cha boma n'chaulere, sitifunsidwa khadi, timangopereka buku lachipatala. Iye anavomera kuti zimenezo n'zazikulu. Akuti kumene amakhalako anachita kukhazikitsa lamulo mu 1986 loletsa zipatala zolandira ndalama za Medicare kubweza munthu wa ngozi chifukwa chosowa ndalama, koma akachira kalata ya ngongole imamutsata kunyumba. Ife kalata yotero sitinalandire, ndipo pa chimenecho ndikuthokoza.

Koma nditakhala pansi n'kuwerengera, ndinapeza kuti matumba atatu a mbatata anapita. Mafuta a galimoto ya munthu wachifundo uja tinabweza. Achemwali anga anakhala gadiyani masiku angapo, ndipo gadiyani amadya, amafuna nkhuni ndi sopo. Mankhwala ena anatilembera kuti tikagule kufamase. Ndodo zoyendera tinakakhometsa kwa kalipentala. Maulendo obwerera kukaonetsa mwendo anali athu. Mnyamatayo anakhala miyezi itatu osagwira chiwongolero, pomwe mwini njinga ankafuna yake ya tsiku ndi tsiku. Ndiye chaulerecho chimayambira pati n'kuthera pati? Ndipo amene amalipira ulusi ndi chikhakhacho ndani? Akuti ndi msonkho wathu, kuphatikizapo thandizo la maiko akunja. Ooh, ndiye kuti ndikamagula sopo ndi mayunitsi ndimakhala ndikulipiriratu? Ngati zili choncho, bwanji pofika pakhomo la chipatala ndimavula chipewa ngati wopempha?

Inshuwalansi ya boma, yonga imene msuweni wanga amanena, kuno kulibe. Iliko ya MASM ndi zina zotero, za anthu a pantchito ndi amene ali nazo. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 99 mwa 100 aliwonse, ndi abambo 98 mwa 100, analibe inshuwalansi ya zaumoyo ya mtundu uliwonse. Ndiye funso la msuweni wanga linali la munthu mmodzi kapena awiri okha pa gulu la anthu 100. Anzathu a ku Zambia anakhazikitsa lamulo lawo mu 2018, ndipo bungwe la NHIMA limadula 1 kwacha pa 100 iliyonse ya malipiro a wantchito, bwana wake n'kuwonjezera 1 kwacha ina. Zikumveka bwino kwa wolandira pakutha pa mwezi. Nanga ine amene ndalama imandipeza mbatata ikakumbidwa, adzandidula pati? Adzabwera ndi sikelo kumunda?

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi cha zipatala za mishoni. Zipatala za CHAM, monga cha Mua kunsi kwa mapiriku ndi cha Nkhoma, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse m'dziko muno, ndipo n'zolipira. Kuyambira mu 2006 boma limapangana ndi zina mwa izo kuti amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene azithandizidwa ulere, boma n'kubweza ndalamazo. Ndinafunsa ngati mwendo wothyoka wa mnyamata wa kabaza uli m'pangano limenelo. Akuti zimatengera zimene zinalembedwa pa chipatala chimenecho. Nanga ngozi imadziwa zimene zinalembedwa? Munthu amagwa pamene wagwa. Akagwera pafupi ndi cha boma ndi waulere, akagwera pafupi ndi cha mishoni abale ayambe kugwira nkhuku. Kumapiri kuno, mvula ikagwa n'kuononga misewu ya fumbi, chipatala chapafupi ndi chokhacho chimene ungafikeko.

Ndinamvanso kuti m'boma lathu lomwe lino, ku Kaundu, anthu anayamba mu 2018 kusonkherana kandalama pang'onopang'ono kuti wina akadwala asalipire pakhomo la chipatala chawo cha mishoni. Ndinadabwa kuti zimenezi zikutchedwa inshuwalansi, chifukwa kwa ine zikufanana ndi banki mkhonde ya akazi athu, kapena msonkhemsonkhe wa pamaliro. Kusiyana kwake n'koti uku mukusonkhera munthu akadali moyo. Ngati pamaliro mbale ya ufa imachoka nyumba iliyonse popanda wokakamiza, chimatikanika n'chiyani kusonkha munthuyo asanafe? Funso limeneli sindikufunsa boma, ndikufunsa a m'mudzi mwathu, ndi ine ndemwe.

Akulu aja atatopa nane anati ngati ndili ndi dandaulo ndipite kwa ombudsman wa pachipatala, poti masiku ano m'zipatala za boma muli munthu wolandira madandaulo. Ndinawauza kuti dandaulo ndilibe. Mphwanga anathandizidwa bwino. Changa n'chopempha chabe, kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi a Medical Council. Pakhomo lolandirira anthu a ngozi muikepo bolodi, ngati ya kusukulu ija, yolembedwa m'Chichewa: amene ali pantchito lero ndi uje, udindo wake ndi wakuti, nambala ya chiphaso chake ndi iyi. Pansi pake mulembe zimene zili zaulere ndi zimene zili zolipira, kumene mumatumiza mukalephera, ndi nambala yoitanira ambulansi. Choko tidzagula ife.

Ndipo inu bambo a koti yoyera amene munasoka mnyamata wa kabaza m'mawa wa chifunga mu June chaka chatha, kaya ndinu dokotala, kaya clinical officer, achemwali anga anakusungirani tambala. Wakula mpaka wayamba kuvutitsa anzake pakhomo, koma sitikudziwa kuti tikafika pachipatalapo tikati tikufuna ndani.